Kuona Maso a Nkhono

Nkhono ili ndi tinyanga tinayi, tiwiri tatitali pamwamba ndi tiwiri tatifupi m'munsi, ndipo maso ake ali kunsonga kwa tatitalito. Ukaikhudza, ngakhale kungogwedeza tsamba limene yakhalapo, tinyangato timabwerera m'kati, mutu nawo n'kulowa m'chigoba. Wofuna kuona masowo ayenera kuchita zinthu ziwiri zolimbana: afike pafupi kwambiri, koma asaidzidzimutse. Izi n'zimene akuluakulu anaona pamene ankati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwambiwu timakonda kuutchula potonthoza mwana wothamanga mtima, ngati kuti kudekha n'kungokhala pansi n'kupinda manja. Koma wodikira ali chapatali saona kanthu ngakhale atakhalapo mpaka dzuwa kulowa. Kudekha kwa mwambiwu ndi kwa munthu amene wagwada, wasendera pang'onopang'ono, wadziwa pofika ndi polekezera.

Wojambula zithunzi usiku, kaya pa chinkhoswe kaya pa madyerero a ukwati m'holo, amafuna chinthu chomwecho, maso a munthu ali m'chimake. Komatu m'manja mwake wanyamula chida chodzidzimutsa kuposa zonse. Fulashi ndi kachubu kagalasi kodzaza mpweya wa xenon. Mphamvu ya mabatire imaunjikidwa, kenako imatulutsidwa yonse nthawi imodzi kudzera m'kachubuko, ndipo kamang'anima kwa kanthawi kamene kawirikawiri ndi 1/1000 ya sekondi kapena kuchepera apo. Kuwala konseko kumatuluka pa kawindo kakang'ono kokhala pamwamba penipeni pa lenzi. Zotsatira zake tonse tili nazo m'maalubamu kwathu: mphumi ndi mphuno zili mbee, chithunzithunzi chakuda bii chakakamira kukhoma kumbuyo kwa mutu, mmodzi watsinzina, wina watong'ola maso, ndipo kuseri kwawo kuli mdima wokhawokha ngati ukwatiwo unachitikira kuphanga.

Pofuna kuthana ndi ukali umenewu, ojambula amaika chofewetsa kuwala, chimene amachitcha diffuser. Zilipo za mitundumitundu. Pali kachipewa koyera kapulasitiki kovekedwa pamutu pa fulashi, pali kabokosi kansalu kotchedwa softbox, pali ambulera yoyera imene kuwala kumadutsamo, ndipo ena amangomangirira pepala loyera lolimba ndi labala, fulashi n'kuilozetsa kumwamba. Ambiri amakhulupirira kuti pulasitiki yoyerayo ili ndi mphamvu yakeyake yosungunula kuwala. Si choncho. Chimene chimafewetsa kuwala ndi kukula kwa gwero lake monga likuonekera kuchokera pankhope ya wojambulidwayo. Dzuwa ndi lalikulu kuposa dziko lathu maulendo oposa 100 m'mimba mwake, koma chifukwa cha kutalika limaoneka kanthu kakang'ono kumwamba, n'chifukwa chake masana a mu Okutobala zithunzithunzi zimakhala zakuthwa m'mphepete. Tsiku la mitambo, thambo lonse ndilo limasanduka nyale, kuwala kumafika kuchokera mbali zonse, ndipo zithunzithunzi zimazilala. Diffuser ndi mtambo wopanga ndi manja, ndipo mtambo waung'ono wokhala patali suthandiza.

Apa ndi pamene kachipewa kapulasitiki kaja kamanamiza anthu. Kukula kwake sikusiyana kwenikweni ndi mutu wa fulashi, choncho pakokha sikakulitsa gwero. Ntchito yake ndi kumwaza kuwala kuti kukagunde siling'i ndi makoma, ndipo zimenezo ndizo zimabweza kuwala kofewa. M'chipinda cha siling'i yoyera yosatalika kamachita zodabwitsa. Koma taganizirani matchalitchi ndi maholo athu ambiri, a denga la malata lopanda siling'i, lalitali, mitengo yake itada ndi zaka. Taganizirani chinkhoswe cha pabwalo usiku. Kuwala komwazidwako kumapita osabwerera, ndipo chimene chimafika pankhope ndi kuwala kouma komwe kuja, kungoti tsopano kwachepa mphamvu. Ndikaona wojambula ali panja ndi kachipewaka, fulashi italoza nyenyezi, ndimamvera chisoni mabatire ake ndi banja limene lamulemba ntchito.

Ngakhale pamene diffuser ikugwira bwino ntchito, siigwira ulele. Walira mvula walira matope. Kuwala kwina kumatsakamira m'nsalu, kwina kumamwazikira kumene kulibe munthu, ndipo kofika pankhope kumakhala theka la kale, mwinanso gawo limodzi mwa magawo anayi. Ojambula amawerenga kuwala m'masitepe, ndipo sitepe iliyonse ndi kuwirikiza kawiri kapena kudula pakati. Kutaya theka ndiko kutaya sitepe imodzi, kutsala ndi gawo limodzi mwa anayi ndiko kutaya masitepe awiri. Khomo la lenzi, limene amati aperture, nalo limayenda m'masitepe omwewo: f/2.8, f/4, f/5.6, f/8, f/11, f/16. Nambala ikamakwera khomo likuchepa, ndipo kuchoka pa f/8 kupita pa f/11 ndiko kudula kuwala pakati. ISO nayo chimodzimodzi: 100, 200, 400, 800, paliponse kamera ikumva kuwala kawiri kuposa poyamba.

Fulashi iliyonse imagulitsidwa ndi nambala yosonyeza mphamvu zake, guide number, ndipo masamu ake mwana wa Sitandade 6 angawathe. Nambalayo ndi mtunda kuchulukitsa ndi nambala ya khomo, pa ISO 100. Titenge fulashi ya nambala 36, yowerengedwa m'mamita. Munthu ataima mamita atatu kuchokera pa fulashi, timagawa 36 ndi 3, tipeza 12, ndiye khomo loyandikira ndi f/11. Tsopano tiikepo kabokosi kansalu kodya masitepe awiri. Fulashi yomweyo yasanduka ya nambala 18. Tikasiya zonse monga zinalili, chithunzi chituluka chakuda, ndipo nkhope ya munthu wakuda ndiyo iyamba kumira. Ngongole ya masitepe awiriyo iyenera kubwezedwa, ndipo wojambula ndiye asankhe thumba limene atapemo.

Angatsegule khomo kuchoka pa f/11 kufika pa f/5.6. Ngongole yatha, koma malo ooneka bwino kutsogolo ndi kumbuyo kwa pamene walunjika achepa, moti ankhoswe oima kuseri kwa mkwatibwi angayambe kuoneka mwachimbuuzi. Angakweze ISO kuchoka pa 100 kufika pa 400. Kamera za masiku ano zimapirira zimenezi mosavuta, ngakhale ukapitirira kwambiri timadontho tonga mchenga timayamba kuoneka m'malo amdima. Angawonjezere mphamvu ya fulashi ngati inali pa 1/4 n'kuifikitsa pa 1/1, koma fulashi yothira mphamvu zake zonse imafuna masekondi angapo kuti idzazenso, ndipo pa perekaniperekani masekondi amenewo ndi ambiri: azakhali avina, aponya ndalama, abwerera kukakhala, iwe ukadali kudikira kanyale kakumbuyo kayake.

Njira yachinayi ndiyo imandikoka mtima, chifukwa ndiyo yokha imene imabweza ngongole n'kuwonjezeranso phindu. Ndi kuyandikira. Kuwala kumatsatira lamulo lakuti mtunda ukawirikiza kawiri, kofika kumatsala gawo limodzi mwa anayi, ndipo mtunda ukadulidwa pakati, kumachuluka kanayi. Kusuntha nyale kuchoka pa mamita atatu kufika pa mita imodzi ndi theka kumabweza masitepe awiri onse aja popanda kukhudza batani lililonse. Pamwamba pa apo, kabokosi kaja kakayandikira kamaoneka kakakulu kawiri kuchokera pankhope, ndiye kuwala kumafewa koposa. Munthu wosazolowera amaganiza kuti nyale ikayandikira ndiye iwawa kwambiri, choncho amaibweza m'mbuyo poganiza kuti akuchitira chifundo wojambulidwayo. Zoona zake n'zakuti nyale yakutali ndiyo yaukali, ndipo kuti ifike imafunika kukuwa ndi mphamvu zake zonse. Yapafupi imalankhula motsitsa. Pa mphamvu ya 1/8 kung'anima kwake n'kwakufupi, sikuthobwa m'maso kwambiri, ndipo munthu amaiwala msanga kuti pali chimene chang'anima. Mwambi uja unanena kale kuti maso amaonedwa ndi amene wafika pafupi mofatsa, ndipo masamu a kuwala akuvomereza.

Pali batani limodzi limene ambiri amathamangira chithunzi chikada, koma silibweza ngongole imeneyi ngakhale pang'ono. Ndi liwiro la shutter, chitseko chimene chimatsegukira kuwala. Popeza fulashi imang'anima n'kuzima m'kanthawi kochepetsetsa, chitseko chikhale chotsegula kwa 1/200 kapena kwa 1/30, kuwala kwa fulashi kolowa n'komweko. Chimene chimasintha ndi kuwala kumene kunalimo kale m'chipindamo, kwa mababu, kwa makandulo a patebulo, kwa madzulo kolowera pawindo. Ndiye chithunzi chilichonse cha fulashi ndi zithunzi ziwiri zogona pamodzi. China chajambulidwa ndi fulashi, ndipo chimalamulidwa ndi khomo, ISO, mphamvu ndi mtunda. Chinacho chajambulidwa ndi nyale za pamalopo, ndipo chimalamulidwa ndi khomo, ISO ndi chitseko. Amene wamvetsa zimenezi wamvetsa theka la ntchito.

Chitsekocho chili ndi malire ake. M'kamera zambiri muli makatani awiri, loyamba limatsegula, lachiwiri limatsatira kutseka. Liwiro likapitirira 1/200 kapena 1/250, kutengera kamera, katani lachiwiri limanyamuka loyamba lisanafike, moti palibe nthawi imene chithunzi chonse chili poyera. Fulashi ikang'anima pamenepo, mbali ina imatuluka ndi mzere wakuda. Fulashi zina zimazemba vutoli pong'anima kambirimbiri motsatizana, koma mphamvu yake imatsika kwambiri, ndipo ukaphatikiza ndi diffuser umatsala ndi kuwala kongofika potambasula dzanja.

Chimene ndimadandaula nacho kwambiri ndi mbali inayo, ya ojambula amene amakhoma chitseko pa 1/200 usiku wonse. Pa liwiro limenelo, ndi ISO 100 ndi f/11, mababu a m'holo sawerengedwa n'komwe. Nsalu zimene amayi a bungwe anakongoletsa kuyambira m'mawa, anthu odzaza mabenchi, kwaya yoima pakona, zonse zimamezedwa ndi mdima. Patapita zaka 20 mwana adzafunsa kuti ukwati wa makolo ake unachitikira kuti, ndipo chithunzi sichidzayankha. Kutsitsa chitseko kufika pa 1/60, kukweza ISO kufika pa 800, khomo pa f/5.6, kumalola chipinda kuti chilowe nawo m'chithunzi. Fulashi yathu ija ya kabokosi, pa ISO 800, imangofunika 1/8 ya mphamvu zake kuti iwalitse munthu wa pa mamita atatu, ndipo imadzazanso nthawi yomweyo. Manambalawa si lamulo, ndi poyambira, holo iliyonse ili ndi zake. Wovina akagwedezeka pa 1/60 pangaoneke kamzukwa pang'ono m'mphepete mwa mkono, koma fulashi imakhala itagwira kale nkhope, ndipo kamzukwako nthawi zina ndiko kamasonyeza kuti panali gule. Chofunika kusamala ndi mtundu. Kuwala kwa fulashi kuli pafupi ndi kwa dzuwa la masana, pamene mababu ena ndi achikasu, ndipo khoma lopakidwa penti wobiriwira limabweza kuwala kobiriwira pankhope ya mkwatibwi.

Wina anganene kuti masamu onsewa ndi akale, poti fulashi zamakono zimadziwerengera zokha. N'zoona. Pa njira yotchedwa TTL, fulashi imayamba yang'anima pang'ono, kamera imayeza kuwala kobwerera kudzera mu lenzi, kenako imalamula mphamvu yoyenera, zonsezi m'kuphethira kumodzi. Ukaika diffuser, kamera imaona yokha kuti kuwala kwachepa n'kuwonjezera, malinga ngati fulashi ikadali ndi mphamvu yotsala. Koma makinawa ali ndi chikhulupiriro chimodzi chimene sasintha, chakuti dziko lonse ukalisakaniza limatuluka lotuwa ngati phulusa, lobweza pafupifupi magawo 18 pa 100 a kuwala. Akaona diresi loyera la mkwatibwi litadzaza chithunzi, amaganiza kuti kwawala mopitirira, amachepetsa fulashi, diresi limatuwa, nkhope n'kuda. Akaona suti yakuda ya mkwati, amaganiza kuti kuli mdima, amathira mphamvu, mphumi n'kupserera. Pa ukwati ziwirizi zimaima phewa ndi phewa tsiku lonse. Wojambula ayenera kuuza makinawo kuti awonjezere pang'ono, mwina sitepe yathunthu, pamene zoyera zachuluka, ndi kuti achepetse pamene zakuda zachuluka. Makina amayeza nsalu. Amene amadziwa kuti pakati pa nsaluzo pali munthu ndi wogwira kamera yekha.

Kwa ife a khungu lakuda nkhaniyi ili ndi mbiri yowawa. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, kampani ya Kodak inkatumiza kwa otsuka zithunzi khadi loyezera mitundu, lokhala ndi chithunzi cha mayi wachizungu, ndipo makadiwo anadziwika ndi dzina lakuti Shirley. Makina akatulutsa bwino khungu la mayiyo, ankati zonse zili bwino. Lorna Roth wa ku yunivesite ya Concordia ku Montreal, amene anafufuza nkhaniyi n'kuisindikiza mu 2009, anapeza kuti ena mwa amene anakakamiza kuti filimu iyambe kusiyanitsa bwino mitundu yoderako anali opanga mipando yamatabwa ndi opanga chokoleti, amene ankadandaula kuti katundu wawo sakuoneka bwino m'zithunzi zotsatsira malonda. Makadi okhala ndi amayi a makungu osiyanasiyana anadzabwera m'zaka za m'ma 1990. Kwa zaka zonsezo ana akuda ojambulidwa pamodzi ndi anzawo achizungu kusukulu ankatuluka maso ndi mano okha.

Ku South Africa, dziko limene agogo athu ambiri anakagwirako ntchito m'migodi, kuwala kwa fulashi kunagwiritsidwa ntchito ina. Kamera ya Polaroid yotchedwa ID-2 inali ndi batani lowonjezera mphamvu ya fulashi, ndipo zipangizo za kampaniyo zinkajambula zithunzi za m'zitupa zimene boma la tsankho linkakakamiza anthu akuda kuyenda nazo. Ojambula awiri, Adam Broomberg ndi Oliver Chanarin, amene anaonetsa ntchito yawo yokhudza kamerayi ku Goodman Gallery mu Johannesburg mu 2013, ananena kuti batanilo linkawonjezera kuwala ndi magawo 42 pa 100 kuti nkhope yakuda ioneke. Kale mu 1970 antchito awiri akuda a kampaniyo ku America, Caroline Hunter ndi Ken Williams, anali atayambitsa gulu lotsutsa malondawo, ndipo mu 1977 Polaroid inachoka ku South Africa. Taonani tsono: pamene nkhope yakuda inkafunika kuti isungidwe m'alubamu ya banja, filimu sinkaiona, koma pamene inkafunika kuti wapolisi aizindikire pamsewu, njira yoiwalitsira inapezeka. Nzeru yake inali yongowonjezera ukali basi.

Maganizo amenewo akadalipo pakati pathu, akuti munthu wakuda amafuna fulashi yamphamvu. Ndimawakana. Khungu lakuda, makamaka lodzola mafuta kapena la thukuta la gule, limaonetsa gwero la kuwala monga madzi odikha amaonetsera thambo. Maonekedwe a nkhope yotero amaumbidwa ndi kunyezimira kumeneko. Gwero likakhala laling'ono ndi laukali, pamphumi, pamphuno ndi pamasaya pamatuluka timadontho toyera topserera, kwina konse kuli bii, ndipo kuwonjezera mphamvu kumangokulitsa kusiyanako. Gwero likakhala lalikulu ndi lapafupi, kunyezimirako kumayala mofatsa kuchokera pamphumi kutsikira m'tsaya mpaka kuchibwano, ndipo mitundu yonse ya m'khungumo, kufiirira kwake, kuderako kwake, imatuluka. Choncho kwa ife diffuser si chokongoletsera cha ojambula odzikonda. Ndiyo njira yoti agogo aoneke monga timawadziwira. Ndipo muyeso woyenera utengedwe pankhope, diresi lingoyang'aniridwa kuti lisapserere. Kamera zambiri zimatha kuphethiritsa malo opserera pa sikirini, ndipo chizindikiro chimenecho n'chodalirika kuposa diso, chifukwa mumdima sikirini imaoneka yowala kuposa mmene chithunzi chilili.

Komabe ndinganame nditati ulemu wonse uli m'nsalu yoyera. Mu 1887 Adolf Miethe ndi Johannes Gaedicke ku Germany anatulukira ufa wa magnesium wong'anima ukayatsidwa, ndipo posakhalitsa mtolankhani Jacob Riis, mbadwa ya ku Denmark, anayamba kuugwiritsa ntchito m'nyumba za amphawi ku New York. Ankalowa usiku anthu ali m'tulo, n'kuyatsa ufawo, n'kutuluka eni ake asanadziwe chimene chawagwera. Iye mwini anasimba kuti nthawi ina anayatsa nawo moto m'nyumba imene ankajambula. Buku lake la 1890, How the Other Half Lives, linagwedeza mzindawo ndipo linathandiza kuti malamulo a nyumba akonzedwe, zimenezo sitingamulande. Koma yang'anani nkhope za m'zithunzi zakezo. Ndi za anthu odzidzimuka, ena akubisa maso, ena angoti kakasi. Tikuona umphawi wawo bwinobwino, koma eni akewo alowa m'chigoba.

Ku Bamako, Mali italandira ufulu mu 1960, Malick Sidibé ankazungulira m'mapwando a achinyamata usiku ndi kamera ya fulashi yosaphimba, kuwala kouma kolunjika. Chithunzi chake chotchuka cha mu 1963, Nuit de Noël, chikuonetsa mnyamata ndi mtsikana akuvina, mitu itatsala pang'ono kugundana, mtsikanayo ali wopanda nsapato, onse awiri akumwetulira chapansipansi. Palibe wadzidzimuka. Sidibé ankaitanidwa ku mapwandowo, achinyamatawo ankamudziwa, ndipo m'mawa mwake ankabwera ku situdiyo yake kudzasankha zithunzi zawo. Mu 2007 analandira mphoto ya Golden Lion ku Venice chifukwa cha ntchito ya moyo wake wonse. Riis ndi Sidibé anagwiritsa ntchito kuwala kwaukali kofanana. Wina anathyola chitseko, wina analonjeredwa. Kufewa kumene timafuna ndi kabokosi kansalu Sidibé anali atakupeza kale ndi miyendo yake, pobwera kawirikawiri mpaka kung'anima kwake kunakhala mbali ya phwando.

Kudekha kumaphatikizanso kudziwa nthawi yobwerera m'mbuyo. Lamulo lomwe lija la mtunda limaluma pa chithunzi cha gulu. Mzere woyamba ukakhala pa mamita awiri, wotsiriza pa mamita anayi, akumbuyo amalandira gawo limodzi lokha mwa anayi a kuwala kwa akutsogolo, ndiye ana okhala pansi amayera mbuu pamene amalume oima kumbuyo sakuoneka. Nyale ikabwezedwa kufika pa mamita 6, akumbuyo ali pa mamita 8, ndipo amalandira kuposa theka. Pamenepo kabokosi kaja sikathandizanso, kachotsedwe, ISO ikwere, fulashi igwire ntchito ndi mphamvu zake. Chimodzimodzi masana padzuwa pakhomo la tchalitchi. Pa ISO 100 ndi 1/200 dzuwa limafuna khomo la f/11, ndipo fulashi yathu ya nambala 18 pa khomo limenelo imangofika mita imodzi ndi theka. Kuli bwino kuivula kuti ichotse mdima m'maenje a maso, kapena kupempha akwati kuti alowe pansi pa mtengo.

Kwa inu achinyamata amene mwagula kamera ndi ndalama za maganyu n'kuyamba kulandira maoda a Loweruka, pempho langa nali. Fikani pamalo anthu asanadzaze. Yang'anani kumwamba muone ngati pali siling'i, ndipo ngati ilipo, ndi ya mtundu wanji. Pemphani mmodzi wa okonza malo, wa khungu ngati la eni mwambo, aime pamene padzakhale akwati, mumujambule kopanda fulashi mpaka chipinda chioneke, kenako muyatse fulashi muiwonjezere pang'onopang'ono mpaka nkhope ikwane. Dziwani masitepe amene diffuser yanu imadya, muyeze kunyumba ndi m'bale wanu, musadikire tsiku la ukwati wa eni. Ndipo inu amene mumalemba ntchito ojambulawa, akakupemphani kuti asendeze nyale pafupi ndi tebulo la akwati, kapena kuti mababu a m'holo asazimitsidwe nthawi yodula keke, aloleni.